KHASU LILOŴE M'NYUMBA YA ZAKALE

Tafunsani mwana wa sitandade 5 kuno ku Mulanje kuti madzi amachokera kuti. Ayankha kuti ku mpopi. Nanga mpopiwo anaika ndani? Boma. Yankho limeneli limandiŵaŵa, pakuti ndi theka chabe la zoona.

Ntchito ya madzi otsetsereka okha m'mapaipi inayamba ku Chingale, m'boma la Zomba, mu 1968, ndipo m'zaka za m'ma 1970 inafika kuno. Boma ndi mabungwe anabweretsa mapaipi ndi amisiri, inde. Koma ngalande zonse, kuchokera m'tsinde mwa phiri mpaka m'midzi, anakumba ndi makasu eni ake a midziyo, popanda malipiro. Adzukulu awo sadziŵa zimenezi.

Ndikati timange chipinda chophunzitsira ana za madzi pa boma pano, anzanga ophunzira amaseka. Akuti nyumba yosungiramo zakale ndi ya mauta, mibiya ndi sitima ngati ija ana amakaona ku Chichiri. Ena avomera, koma afuna chithunzi cha phiri kuseri kwa galasi, pansi pake atalemba kuti "Musagwire". Onseŵa ndikutsutsana nawo. Mwana wa kuno aonerenji Sapitwa pa pepala, phirilo lili pakhomo pake?

Ine ndifuna chipinda chonyoŵa. Pakhale ndowa pamwamba, paipi yotsika, ndi mipopi itatu. Mwana akweze ndowayo, aitsitse, adzionere yekha kuti chokankha madzi ndi kutalika kwa phiri, injini palibe. Pakhale thanki yoonekera m'kati, aone mchenga ukudikha. Kenaka aboole paipi, kapena asiye mpopi woyamba ukutayika, aone wachitatu ukuuma. Pamenepo adzamvetsa chifukwa chake a kumunsi amakwiyira a kumtunda. Panja pakhale khasu lenileni, akumbe mpaka manja atuluke matuza. (Makolo adzadandaula za yunifolomu, sopo alipo.)

Ndipo tisabise zoŵaŵa. Tiikemo chidutswa cha paipi yothyoka ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023. Tiikemo mapu oonetsa madzi a Likhubula akuyenda ulendo wa ku Nguludi kukamwetsa Blantyre, kuti mwana afunse yekha ngati mudzi wake uli pa mapupo.

Wofotokoza asakhale wa tayi. Aitanidwe agogo amene anakumba, akadali moyo, ndipo ulendo uno alipidwe.