Musaikweche ndi phulusa ndalama ya agogoyo

Ndalama ya golide ikapezeka pansi pa sutikesi ya malemu agogo, abale ambiri amathamangira kuiwononga. Wina aikwecha ndi phulusa kuti iwale, wina ailuma, wina aipala ndi tupa kuti aone m'kati. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa ogula ndalama zakale amalipirira nkhope yake momwe zaka zinaisiyira. Mukaipala, mtengo umatsika, ndipo chipseracho sichichoka.

Tiyeni titenge paundi ya golide ya ku Britain, yomwe eni ake amaitcha sovereign. Inayamba kusulidwa m'maonekedwe akewa mu 1817. Mbali ina kuli mutu wa mfumu kapena mfumukazi, ndipo kumbuyo kwa zambiri kuli George Woyera ali pahatchi akupha chinjoka, chithunzi chomwe anajambula Benedetto Pistrucci. Ndalamayi inkayenda m'maiko a ulamuliro wa Britain, ku Joni komwe, choncho sizodabwitsa kuipeza m'banja lomwe makolo ake anagwirako ntchito kumigodi.

Umboni weniweni uli pa sikelo. Sovereign imalemera magalamu 7.98, m'mimba mwake ndi mamilimita 22.05, ndipo golide wake ndi wa makarati 22. Golide ndi wolemera kuposa mkuwa ndi mtovu womwe. Tambwali akafuna kuti ya mkuwa ifike pa kulemera koyenera, imanenepa kapena kukula. Akaisunga pa msinkhu woyenera, imapepuka. Nchifukwa chake muyenera kuyeza zonse ziwiri, kukula kwake, ndi kulemera kwake pa kasikelo ka osula mphete kotha kuwerenga tizigawo ta galamu. Yomwe yayenda m'manja zaka zambiri imaperewera pang'ono chabe. Maginito akaikoka, nkhani yathera pomwepo, ngakhale kuti kusakokedwa sikutsimikiza kalikonse, poti mkuwa nawo sukokedwa.

Gawo lomwe ndimalikonda ndi la galasi lokulitsa zinthu. Yang'anani pa nthaka yomwe ili kunsi kwa hatchi, pamwamba pa chaka. Pa zambiri pamakhala kachilembo kosonyeza komwe inasulidwa: S ndi Sydney, M ndi Melbourne, P ndi Perth, SA ndi Pretoria. Ya ku London ilibe chilembo. Ku Pretoria anasula kuyambira 1923 mpaka 1932, ndiye mukaona SA pa ndalama ya 1910, dziwani kuti wina wakuphikirani bodza. Chimodzimodzinso mutu wa Mfumukazi Victoria pa chaka cha 1905, poti mayiyo anamwalira mu 1901. Onaninso tsitsi la mfumu ndi mchira wa hatchi. Yeniyeni mizere yake ndi yakuthwa, pomwe yothiridwa m'chikombole imaoneka yofufuma, ndi timabowo ting'onoting'ono.

Pali zabodza zina zovuta kwambiri, zomwe zinkasulidwa ku Italy ndi ku Beirut nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Zambiri mwa izo zinali za golide ndithu, nthawi zina wosakwana makarati 22, ndipo zimanamiza ngakhale sikelo. Zoterezi amazigwira ndi akatswiri, monga a NGC ndi PCGS ku America, omwe amaunika ndalama n'kuitsekera m'kabokosi ka pulasitiki kolembedwa nambala.

Ndiye inu amene mwaipeza, igwireni m'mphepete, muikulunge m'kansalu kofewa, muijambule mbali zonse ziwiri. Musalole aliyense kuithira asidi kapena kupita nayo kuseri, ndipo musaigulitse musanamve kwa anthu awiri odziwa omwe sakufuna kuigula.