Zimbale zakale za PlayStation ndi kakhadi ka achimwene

Mwezi watha, tikutulutsa katundu m'chipinda chosungiramo zinthu kuti tithire mankhwala a chiswe, tinapeza katoni imene tinali titaiwala kalekale. Pansi pa mabuku akale a sukulu munali kabokosi kotuwa ka PlayStation, mapadi awiri, zimbale zingapo ndi kakhadi kamodzi kosungira magemu. Ana athu anaseka ataona kuchuluka kwa mawaya. Wamkulu, yemwe ali Fomu 3, anafunsa ngati chinthucho chimalowa pa intaneti. Titamuuza kuti ayi, anafunsa kuti nanga ntchito yake n'chiyani.

Tikudziwa kuti patsamba lino mumayembekezera nkhani za madzi akumwa, BP ndi ndiwo zamasamba. Mwezi uno mutilole tipatuke pang'ono, timuyankhe mnyamatayu, pakuti funso lake ndi la ana ambiri, ndipo makolo ena amene muli ndi zaka ngati zathu kabokosi aka mukukadziwa bwino.

PlayStation yoyamba inapangidwa ndi kampani ya Sony. Inatuluka ku Japan mu December 1994, n'kufika ku Ulaya mu September 1995, ndipo pomaliza anagulitsa makina opitirira 100 miliyoni. Yathu anabwera nayo achimwene athu aakulu pa tchuthi cha kumapeto kwa chaka cha 2000, kuchokera ku Johannesburg kumene ankagwira ntchito. Nthawi imeneyo wailesi yakanema ya dziko la Malawi inali ya dzulodzulo, itangotsegulidwa mu 1999, choncho TV yeniyeniyo inali chinthu chodzaza nacho anthu pakhomo. Anyamata oyandikana nafe ankafuna magemu a mpira ndi a nkhonya. Achimwene ankawalola ola limodzi, kenaka n'kuika chimbale chawo cha pamtima, anyamata aja n'kumatuluka mmodzimmodzi chifukwa chotopa ndi kuwerenga.

Magemu amene achimwene ankakonda ndi amene pa Chingerezi amawatcha role-playing games, mwachidule RPG. Wosewera amatenga malo a munthu wa m'nkhani yaitali. Amayenda m'midzi ndi m'mizinda, kulankhula ndi anthu, kugula zida ndi mankhwala, kupeza anzake oyenda nawo. Pa ndewu sipafunika zala zothamanga, chifukwa aliyense amadikira nthawi yake, iwe n'kusankha kuti uyu amenye, uyu ateteze, uyu achize mnzake. Gemu imodzi imatha kutenga maola 40 kapena kupitirira, ndipo mbali yaikulu ya maolawo ndi kuwerenga. Chingerezi chathu chambiri tinachitola pamenepo, dikishonale ili pamwendo. Tiyeneranso kuvomera kuti masamu pa mayeso a Fomu 4 sanatiyendere, ndipo chifukwa chake n'chomwecho: tambala woyamba ankatipeza tili maso. Tsiku lokha limene tinkagona bwino linali Lachisanu, pakuti dzuwa likamapendeka achimwene ankazula mawaya onse n'kutsekera mapadi m'sutikesi mwawo.

Zimbale zathu zinali za mtundu wa PAL, monga za ku Ulaya ndi ku South Africa, ndipo magemu ena otchuka monga Xenogears, Chrono Cross ndi Final Fantasy Tactics sanatuluke pa makina a mtundu umenewu. Ifeyo tinangowamvera mbiri. Pa amene anatifika, anayi ndiwo anatsala m'mutu.

Woyamba aliyense amamutchula: Final Fantasy VII, wa kampani ya Square, wa mu 1997, wa zimbale zitatu. Nkhani imayambira mu mzinda wa Midgar, umene olemera amakhala pamwamba pa chidenga chachitsulo, osauka pansi pake osaona dzuwa. Kampani ya Shinra imapopa mphamvu ya moyo wa dziko n'kuisandutsa magetsi, nthaka n'kumafa. Kunena zoona, m'nyumba imene magetsi ankazima gemu ili pakati, sizinali zovuta kudana ndi mdani amene ndi kampani ya magetsi. Wosewera amakhala Cloud, msilikali wolipidwa amene walowa kagulu kophulitsa makina a Shinra. Tili achinyamata tinkaombera m'manja kuphulitsako. Titakula m'pamene tinaona kuti gemuyo siikukondwera nako: anthu wamba amafa, ndipo patsogolo Barret, mtsogoleri wa kaguluko, amafunsidwa za anthu amenewo n'kusowa yankho logwira mtima.

Chimene anthu sadzaiwala ndi imfa ya Aeris, mtsikana wogulitsa maluwa, kumapeto kwa chimbale choyamba. Mu magemu awa munthu akagwa pa ndewu umangomupatsa mankhwala, amadzuka. Ife tinali ndi mankhwalawo ambiri, ndipo tinadikira kuti gemu itipatse mpata. Mpata sunabwere. Malo ake anangotsala opanda munthu mpaka kumapeto, nyimbo ya Nobuo Uematsu ikulira. Hironobu Sakaguchi, amene anayambitsa Final Fantasy, ananenapo kuti imfa ya mayi ake ndiyo inamuchititsa kuganizira kwambiri za moyo m'nkhani zake. Komabe titabwereza gemuyi mwezi uno taona kuti yakalamba. Anthu ake akuoneka ngati zidole zosema ndi mpeni wobuntha, Chingerezi chake n'chopunduka m'malo ena, ndipo muli mawu otukwana amene sitingafune mwana wa pulayimale awatole.

Grandia, wa kampani ya Game Arts, tingomutchula mwachidule. Ndi nkhani ya mnyamata Justin amene akufuna kukaona chimene chili kuseri kwa chikhoma chachitali chimene anthu amati ndiwo mathero a dziko. Timamukumbukira chifukwa cha chakudya chamadzulo. Ulendo umaima, onse amakhala pansi kudya, ndipo iwe umasankha woti alankhule. Palibe chimene umapindula pamenepo kupatula kuwadziwa anzako. Magemu ochepa ndiwo ali ndi ulemu wotere pa mbale ya chakudya.

Ulendo wachiwiri, kumapeto kwa 2001, achimwene anabweretsa Harvest Moon: Back to Nature, ndipo mayi athu, amene ankati zonsezi n'zotayitsa nthawi, anayamba kukhala pampando kumatilangiza. Mu gemu imeneyi mulibe lupanga. Mnyamata walandira munda wa agogo ake umene wasanduka thengo m'mudzi wa Mineral Town, ndipo apatsidwa zaka zitatu kuti aukonze ndi kuti anthu a m'mudzimo amuvomere, apo ayi achoke. Nyengo iliyonse ili ndi masiku 30. Umazula udzu, kuswa miyala, kugaula, kubzala, kuthirira tsiku ndi tsiku. Kabichi, nkhaka ndi mbatata ya kachewere zili ndi nyengo yake, chimanga, matimati ndi anyezi yakenso, ndipo ukachedwa kubzala nyengo ikasintha mbewu zimafota zisanabereke. Zokolola umaika m'bokosi, wogula amabwera 5 koloko madzulo. Nkhuku ukapanda kuidyetsa siikira. Mphepo yamkuntho ikabwera umadzuka kupeza munda uli mbwee. Ndipo mnyamatayo ukamugwiritsa ntchito mopitirira muyeso amakomoka, n'kukadzukira ku chipatala tsiku litawonongeka. Mayi ankati, "Inu, mwanayo mum'pumitse, simukuona nkhope yasintha?" Kenaka ankatikumbutsa kuti dimba lenileni kuseri kwa nyumba silinathiriridwe.

Koma wopambana onse, kwa ife, ndi Suikoden II wa kampani ya Konami, amene anatuluka ku Japan mu 1998 ndi ku Ulaya mu 2000. Sanatchuke ngati Final Fantasy VII, ndipo zithunzi zake zinkaoneka zachikale ngakhale nthawi imeneyo. Mlembi wake, Yoshitaka Murayama, amene anamwalira mu February 2024, anatenga maganizo a anthu 108 osonkhana pamodzi kuchokera m'buku lakale la ku China lotchedwa Water Margin pa Chingerezi. Nkhani imayamba ndi anyamata awiri a chibwana chimodzi, iwe ndi Jowy, muli mu gulu la asilikali achichepere a dziko la Highland. Usiku woti mawa mubwerere kwanu chifukwa nkhondo yatha, gulu lonse liphedwa ndi asilikali a dziko lanu lomwe, mwa lamulo la mwana wa mfumu, Luca Blight, kuti anamizire adani nkhondo iyambirenso. Awirinu muthawira pa phompho. Musanadumphire mu mtsinje mulemba chizindikiro pa mwala ndi kupangana kuti mukasiyana mudzakumane pomwepo.

Mtsinje uwasiyanitsa, kenaka nkhondo iwasiyanitsa kwambiri. Jowy aona kuti njira yachidule yothetsera kukhetsa magazi ndiyo kulowa mbali ya Luca n'kumugwetsa ali m'kati, ndipo pochita zimenezi adetsa manja ake. Iwe usanduka mtsogoleri wa mbali inayo. Palibe mwa awiriwa amene akufuna nkhondo, koma aliyense ali ndi anthu amene akumudalira. Pakati pawo pali Nanami, mlongo wako, amene nyimbo yake ndi imodzi: tiyeni tizipita kwathu, nkhondo iyi si ya ana. Pamalo pena gemu imakulola kumumvera n'kuthawa, ndipo ukathawa pali amene amalipira. Tinakangana ndi achimwene usiku wonse pa nkhani ya Jowy. Iwo ankati mnyamatayo anasenza katundu amene wina aliyense anakana. Ife tinkati wopereka anzake ndi wopereka anzake basi. Lero, titaona maliro ndi milandu ya m'mabanja, sitingalankhulenso mwaliuma chomwecho.

Chokoma china ndi linga lako. Limayamba ngati bwinja, koma munthu aliyense amene wamukopa amabwera ndi luso lake: wosula, wosunga katundu, wa bafa, mlimi, dokotala, ndi wophika wina dzina lake Hai Yo amene amachita mipikisano ya zophikaphika nkhondo ili m'kati. Bwinja lija limasanduka mudzi. Pa anthu 108 aja ambiri sagwira n'komwe lupanga. Ndipo kumapeto, ukakana mpando n'kubwerera ku mwala uja, umapeza Jowy akudikira kuti mumenyane komaliza. Mathero abwino amafuna kuti ukhale utasonkhanitsa onse 108, ndiponso kuti pa ndewu imeneyo usabweze, uzingodziteteza. Gemu imene yakuphunzitsa kumenya kwa maola ambirimbiri imathera pa kukana kumenya.

Makolo mufunsa za matsenga, ndipo funsolo n'loyenera. Alimo. Mu Final Fantasy VII muli timiyala topatsa mphamvu ndi zilombo zoitanidwa, mu Suikoden II muli zizindikiro za mphamvu pa dzanja, ngakhale mu Harvest Moon muli mzimu wa padziwe ndi tianthu tothandiza kumunda. Mabanja ena aona kuti zimenezi n'zokwanira kutseka chitseko, ndipo sitiwatsutsa. Kwathu tinasankha kukhala pampando womwewo ndi ana, kuona zimene akuona ndi kukambirana. Suikoden II sitikumulola wamng'ono, chifukwa nkhanza za Luca Blight n'zoopsa ngakhale pa tizithunzi tating'ono: pali malo amene amalamula mayi wina kukwawa ngati nkhumba kuti apulumuke, kenaka n'kumupha ndithu. Magemu awa ali ndi ubwino umodzi umene a pa foni ambiri alibe. Sapempha ndalama pakati pa ulendo, salowetsa mlendo wosadziwika m'nyumba, ndipo amatha. Vuto lake ndi lakuti ambiri suseva paliponse, umayenera kufika pa malo ake, ndiye mawu akuti "ndingofika posevera" ndiwo amadya tulo. Ife taika wotchi pamwamba pa TV.

Kuti makinawo ayake panafunika khama. TV yathu ya masiku ano ilibe mabowo a waya wachikasu, woyera ndi wofiira, mpaka tinabwereka yakale kwa anansi. Diso lowerenga zimbale lafooka, ndipo tinachita zimene eni makinawa akhala akuchita kuyambira kale, kuwagadabuza chafufumimba, n'kuyamba kuwerenga. Kakhadi kosungira kaja kalibe batire, n'chifukwa chake zonse zinali momwemo. Kali ndi zipinda 15 zokha, ndipo zonse zinali zodzaza.

Pakati pa zosungidwazo panali Suikoden II wa achimwene. Mu gemuyi wosewera amatcha yekha dzina la linga, ndipo iwo analitcha dzina la mudzi wa kwathu. Anaseva nkhondo yomaliza isanachitike, mu January 2002, n'kunena kuti adzamaliza akadzabweranso. Chaka chomwecho tinakalandira bokosi lawo ku bwalo la ndege. Ife tinamaliza gemuyo patapita nthawi pa dzina lathu, koma chipinda chawo sitinachikhudze.

Mtsikana wathu atafuna kuyamba munda wake mu Harvest Moon, makina anati malo palibe, tifufute china. Tinafufuta za Final Fantasy VII zathu zonse popanda kuganiza kawiri. Mnyamata uja wofunsa za intaneti anatsegula za amalume ake, amene sanawaonepo, n'kuyenda m'linga lonse mpaka pa mwala wolembedwa maina. Anawerenga ndi chala pagalasi, kawiri, ndipo anapeza kuti onse 108 alipo. Wapempha kuti amalize ulendowo yekha. Tamulola Lamlungu likudzali masana, akatha kuchapa yunifolomu, ndipo tagwirizana kuti gemu ikamufunsa ngati akufuna kuseva, ayankhe kuti ayi.