Kodi Katuni Imeneyi Anaiyeretsera Ndani?

Ife amene timachokera kunyanja timadziwa kuti tchuthi chikafika, foni ya mwana wa ku koleji siikhalanso yake. Ukatsika minibasi pa Kamuzu Road ku Salima n'kukwera ina ya ku Senga Bay, ang'onoang'ono amakuchingamira, amakulandira chikwama, kenako amafunsa funso lawo lenileni: "Achimwene, mwabwera ndi makatuni?" Loweruka madzulo, Sabata likangotha, amadzazana pakhonde, mitu isanu pa kagalasi kamodzi.

Pa tchuthi chapitachi, angapo mwa ife tinafunsidwa funso lomwe sitinaliyankhe bwino. M'foni munali Sailor Moon, katuni ya ku Japan ya atsikana apasukulu amene amasandulika n'kukhala ndi mphamvu zodabwitsa zomenyera adani. Mayi wina, akuchokera koyanika usipa pathandala, anaima n'kuyang'ana pang'ono, nafunsa kuti, "Kodi zimenezi n'zoyenera ana?" Mmodzi wa ife anayankha msanga: "Musadandaule amayi, iyi ndi ija ya Chingerezi. Azungu anachotsamo kale zoipa zonse." Mayiwo anakhutira n'kupitiriza ulendo wawo. Ife takhala tikuliganizira yankholi, ndipo taona kuti tinawanamiza, ngakhale sichinali cholinga chathu.

Pakati pa okonda makatuni a ku Japan, omwe amatchedwa anime, pali mkangano wakalekale. Ena amafuna kuonera katuni monga inatulukira kwawo, anthu akulankhula Chijapani, tanthauzo likulembedwa m'munsi mwa chithunzi. Ena amafuna ija anaichotsa mawu a Chijapani n'kuikamo a Chingerezi, kuti maso apume, makutu agwire ntchito. Poyamba tinkaona ngati ndi mkangano wa anthu okhuta, wofanana ndi wa nsima ya mgaiwa ndi ya ufa woyera. Koma titafufuza zimene zinachitikira makatuniwa pamene ankawasandutsa a Chingerezi, tinaona kuti nkhaniyi ndi ya chilungamo.

Sailor Moon inalembedwa ndi mayi wa ku Japan, Naoko Takeuchi, ndipo kampani ya Toei Animation inaionetsa pa wailesi yakanema kuyambira 1992 mpaka 1997, magawo 200 onse pamodzi. Mu 1995 kampani ya DiC inaitulutsa m'Chingerezi kuti ana a ku America ndi Canada aonere. Mtsikana wa zaka 14 amene nkhani yonse ikuzungulira pa iye, Usagi Tsukino, anamutcha Serena. Mnyamata wake, Mamoru, anasanduka Darien. Sizoni yoyamba inali ndi magawo 46, koma m'Chingerezi munatuluka 40. Kumapeto kwa gawo lililonse anawonjezerako kaphunziro kotchedwa "Sailor Says", kolangiza ana za makhalidwe abwino, komwe eni nkhaniyo sanalembe.

Chachikulu chili kumapeto kwa sizoniyo. M'Chijapani, anzake anayi a Usagi amafa mmodzimmodzi pomuteteza, iye n'kutsala yekha akulira, asanakumane ndi mdani wamkulu. Amadzakhalanso ndi moyo pambuyo pake, koma woonera amakhala ataiona imfa yawo. A DiC anaphatikiza magawo awiri omalizawo kukhala limodzi, nadula zithunzi zambiri, n'kunena kuti atsikanawo angogwidwa ndi adani. Nkhani ya kupereka moyo chifukwa cha mnzako inasanduka nkhani ya kubedwa n'kubwerera.

Palinso china. M'sizoni yachitatu muli atsikana awiri, Sailor Uranus ndi Sailor Neptune, amene m'Chijapani ali pachibwenzi. Kampani ya Cloverway, yomwe inamasulira sizoniyi mu 2000, inangonena kuti awiriwa ndi pachisuweni, koma zithunzi za kuyang'anana ndi kugwirana manja zinatsala momwemo. Mwina ku America mawu akuti msuweni amatseka nkhani. Kwathu kuno, komwe chisuweni ndi chiyambi cha nthabwala zachikondi ndipo nthawi zina chimathera ku ukwati, chophimba chimenecho sichiphimba kanthu. Kaya kholo likuganiza zotani pa nkhani imeneyi, liyenera kudziwa kuti ilimo. Kuisintha dzina sikuichotsa.

Cardcaptor Sakura nayo inaona zomwezo. Ku Japan inali ndi magawo 70. Itafika ku America mu 2000, dzina la mtsikanayo linachoka pamutu wa katuniyo, n'kungotsala Cardcaptors. Wailesi ya Kids' WB inaonetsa magawo 39 okha, ndipo inayambira pa gawo la 8, pamene mnyamata Syaoran Li amatulukira, pofuna kukopa anyamata kuti nawonso aonere. Apa sitinganene kuti ankateteza ana. Ankafuna oonera ambiri. Ndipo mchitidwewu sunathe kalekale: mu 2015 Smile PreCure inatuluka pa Netflix ndi dzina loti Glitter Force, magawo 48 atatsika kufika pa 40.

Tsono tibwerere kwa mayi a ku Senga Bay aja. Pamene ankafunsa ngati katuniyo ndi yoyenera ana, kodi ankaopa chiyani? Sitikukhulupirira kuti ankaopa dzina loti Usagi, kapena kuti ana aona munthu akufa. Mwana wa kunyanja amaidziwa imfa. Amadziwa kuti mwera ukakuntha, bwato lina silibwerera, ndipo amamva kulira kwa maliro kuseri kwa nyumba. Chimene chinaimitsa mayiwo ndi mtsikana wonyamula kandodo kowala, akulankhula mawu achilendo n'kusandulika, pambali pake pali mphaka wolankhula. Ankaopa matsenga. Ndipo matsenga ndiwo amene a DiC sanawakhudze ngakhale pang'ono, chifukwa kwa kholo la ku America zimenezo ndi nthano chabe.

Apa ndiye pagona nkhani. Amene anadula makatuniwa ankayang'ana mantha a makolo akwawo ndi zofuna za otsatsa malonda akwawo. Sankadziwa kuti kuli dera lotchedwa Lifuwu kapena Chipoka. Anachotsa zimene zikanawavuta iwo, nasiya zimene zingativute ife. Ndiye tikamauza mayi kuti "anachotsamo kale zoipa", tikuwapatsa chitsimikizo chimene chinalembedwera munthu wina. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mawu akuti matsenga si opepuka m'dziko lathu. Ku Japan mtundu uwu wa makatuni unayamba mu 1966 ndi Sally the Witch, yomwe mwini wake anatengera sewero la ku America lotchedwa Bewitched, ndipo kandodo kowala kaja kamagulitsidwa m'masitolo ngati chidole. Kwathu kuno agogo athamangitsidwa m'midzi, ena kuphedwa kumene, chifukwa chowaganizira ufiti, ndipo ana aang'ono akhala akuimikidwa pabwalo kuti anene amene amawaphunzitsa kutamba. Mwana amene wakulira pakati pa nkhani zoterezi saona mphaka wolankhula monga amamuonera mwana wa ku Tokyo. Mumpingo mwathu alipo amene anganene kuti makatuni oterewa asalowe m'nyumba mwawo n'komwe, ndipo ali ndi zifukwa zomveka. Alipo ena amene angalole, bola akhale pafupi n'kumafotokoza. Sitikulemba kuti tigamule pakati pa awiriwa. Tikunena kuti onse awiri ayenera kugamula ataona chinthu chenicheni, osati chimene wina wachipaka laimu.

Tikudziwa zimene ena atiyankhe, ndipo sitikuzipeputsa. Mawu olembedwa m'munsi ndi a munthu wowerenga Chingerezi mothamanga. Mwana wa sitandade 3 sangawatsate pa foni yosweka galasi, ndipo agogo ake sangawatsate n'komwe. Kukakamira kuti aliyense aonere ya Chijapani ndi kudzikweza kwa ife ophunzira, kumene kumatsekera kunja anthu ambiri a kwathu. Komanso tivomereze kuti Chijapani sitichidziwa. Mawu a m'munsiwo nawonso anamasulira ndi munthu, ndipo tikungomukhulupirira.

N'zoona. N'chifukwa chake sitikunena kuti kuika mawu a chinenero china m'katuni ndi tchimo. Mu 2014 kampani ya Viz Media inayamba kutulutsanso Sailor Moon yonse, magawo 200, osadula kanthu, ndi mayina ake enieni, m'njira zonse ziwiri: ya mawu a m'munsi ndi ya mawu atsopano a Chingerezi. Izi zikuonetsa kuti n'zotheka kumasulira ndi pakamwa popanda kubisa. Choncho funso lofunika si lakuti tiwerenge kapena timvetsere. Funso ndi lakuti, kodi womasulirayo watiuza zonse, ndipo ngati wachotsa kanthu, watidziwitsa? Ubwino wa ya mawu a m'munsi ndi wakuti nthawi zambiri chithunzi chimakhala chathunthu. Misozi ukuiona, mawu a wolirayo ukuwamva, ndipo womasulira sangakuuze kuti munthuyo akuseka.

Ife Amalawi sitiyenera kuchita kuphunzitsidwa za lumo la wodula mafilimu. Lamulo la Censorship and Control of Entertainments linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo makolo athu amakumbukira nthawi imene bungwe la boma linkasankha buku loti awerenge ndi filimu yoti aonere. Pamene ana a ku America ankaonera Serena mu 1995, dziko lathu linalibe n'komwe wailesi yakanema yakeyake. Inabwera mu 1999. Tinachedwa kuyamba kuona, ndiye tisafulumire kubwezera maso athu kwa anthu ena kuti azitionera.

Tilinso ndi omasulira athuathu. M'mavidiyo sho a m'misika ya m'mbali mwa nyanja, komwe asodzi amakapumira akabwera kokoka, mafilimu a ku China, India ndi America amalankhula Chichewa chifukwa cha ma DJ amene amawamasulira. Nawonso amasintha mayina, amaikamo nthabwala zawo, ndipo msilikali wa ku Hong Kong amatha kumveka akudandaula za mtengo wa chimanga. Atsegulira anthu ambiri chitseko chimene Chingerezi chinawatsekera, ndipo tiyenera kuwayamikira. Kusiyana kwawo ndi a DiC n'kwakuti aliyense wokhala pabenchi amadziwa kuti DJ akuthira mchere. Mawu ake amamveka pamwamba pa filimu, sadzibisa. A DiC anasoka bwinobwino kuti msoko usaoneke, ndipo ana ambiri anakula osadziwa kuti anaonera nkhani yodulidwa. Komabe ma DJ athu nawonso ali ndi mlandu woyankha, makamaka pamene nthabwala zawo zalaula pomwe pabenchi pali ana. Katuni ikagwa m'manja mwawo, mawu amene adzasankhe pa mphamvu za atsikana aja, kaya matsenga, kaya ufiti, kaya mphamvu chabe, adzasintha kwambiri zimene mwana adzapite nazo kunyumba.

Woyenda pa msewu wa Salima kupita ku Lilongwe amadutsa pa Mvera, komwe William Murray ndi anzake anagwira ntchito yomasulira Baibulo limene linatuluka mu 1922 ndi dzina loti Buku Lopatulika. Omasulirawo sanachotsemo tchimo la Davide poopa kuti ana amva. Sanasandutse imfa ya Abele kukhala kugwidwa ndi adani. Anatipatsa zonse, n'kusiyira makolo, aphunzitsi ndi abusa ntchito yodziwa nthawi ndi njira yoyenera kuuzira mwana. Sitikufanizira katuni ndi Malemba. Tikungonena kuti ife, mwa anthu onse, tinaleredwa ndi kumasulira kokhulupirika, ndipo tiyenera kudziwa kusiyanitsa womasulira ndi wobisa.

Nanga tichite chiyani tchuthi chikubwerachi? Foni ndi yathu, ndiye udindo ndi wathunso. Tisaike m'manja mwa mwana chinthu chimene ifeyo sitinachionere mpaka kumapeto, ndipo ngati pali yosadulidwa, tiyambe taonera imeneyo kuti tidziwe chimene chili m'nkhaniyo. Kholo likafunsa, tiliuze mosapsatira: muli atsikana osandulika ndi mphamvu zamatsenga, muli imfa, muli zibwenzi zamtundu wakutiwakuti. Likakana, tizimitse popanda kung'ung'udza, pakuti ana ndi ake. Likalola, tikhale pakhonde pomwepo, tikhale ife omasulira, tiziimitsa katuniyo n'kufunsa ana zimene aona. Ambiri mwa ife tikuphunzira uphunzitsi ndi zinenero. Ngati sitingathe kufotokozera mng'ono wathu m'Chichewa chomveka chifukwa chimene anzake a Usagi anafera, kapena chifukwa chimene kandodo kowala kaja sikangapulumutse munthu, ndiye kuti maphunziro athu sanafike kunyumba.

Mayi aja tidzawapeza ali pathandala pawo. Tili nawo ngongole ya yankho lina, lalitali kuposa loyamba lija, ndipo mwina akadzalimva adzatiuza kuti tichotse katuniyo m'foni. Tidzachotsa. Koma ulendo uno adzakhala atasankha okha.