M'botolo mulibe chiwanda

Anzanga a m'gulu muno, uthenga uja watikwana. Mwauona nonse pa WhatsApp: akuti Azungu amatcha mowa waukali "spirits" chifukwa muli mizimu yoipa, ndiponso akuti "alcohol" ndi liwu la Chiarabu lotanthauza chiwanda chodya thupi. Chondiwawa n'choti ena mwa inu, alembi enieni, mukungoutumiza osaufunsa n'komwe. Ndi bodza limenelo.

"Spirit" lidachokera ku Chilatini, spiritus, kutanthauza mpweya kapena kupuma. Akatswiri akale a ku Ulaya akawiritsa vinyo ankaona nthunzi ikukwera, ikazizira n'kusanduka madontho aukali. Nthunziyo ankaitenga ngati mpweya wa vinyoyo. Basi. Nalo al-kuhl la Aarabu lidali ufa wakuda wopaka m'zikope, zodzikongoletsera chabe.

Ngati mukukayika, pitani m'midzi yozungulira Nkando mukaone mayi akutcheza kachasu. Madeya ndi shuga zasasa, mgolo uli pamoto, paipi yadutsa m'madzi ozizira, botolo likudikira kumapeto. Nzeru yake ndi yomweyo ya Azungu aja, ndipo mayiyo saitana mzimu uliwonse. Dzina loti kachasu nalonso n'lobwera. Ndi cachaça, mowa wa nzimbe umene Apwitikizi adayamba kutcheza ku Brazil m'zaka za m'ma 1500. Ife a ku Mulanje tisadabwe, Mozambique ali pakhomo pompa, kungowoloka pa Muloza.

Mwina mukuti, nanga bodzalo likupweteka ndani, si likuopseza ana kuti asamwe? Likupweteka. Mnyamata wa kabaza akatupa masaya ndi miyendo, maso achita chikasu, abale amati chamulowa chiwanda. Amazungulira naye m'mapemphero miyezi, kuchipatala n'kukafika chiwindi chitatha kale. Kupemphera sindikuletsa ayi, koma chiwindi chimafunanso dokotala.

Komanso tikamaloza chiwanda, anthu enieni amapulumukira pomwepo. Mutu wa kachasu, woyamba kudontha uja, palibe amayeza ukali wake. Boma litaletsa masacheti, mowa womwewo udabwerera m'timabotolo ta pulasitiki, totchipa moti mwana wa sukulu amakwanitsa ndi ndalama yogulira mandasi. Wopanga timabotoloto ali ndi dzina, fakitale ndi chiphaso. Wogulitsa ali ndi benchi pamsika, masana dzuwa likuswa mtengo. Amenewo ndiwo tiwalembe, ndipo a Malawi Bureau of Standards ndi khonsolo ya Mulanje atiuze kuti mowa umenewu akuuyeza kangati.