Osathamangira Nambala ya Pabokosi Pogula Power Supply

Anzanga, tikamakamba za kompyuta timakonda kufunsana za purosesa, RAM ndi graphics card. Za kabokosi kachitsulo kamene kali kumbuyo, kamene timalumikizako chingwe cha malaiti, palibe amafunsa. Tikamapita ku Lusaka kukagula zida, power supply timaisiyira ndalama yotsala, ija yogulira nthochi pa Nyimba pobwerera. Ine ndikuti titembenuze zinthu: kuno kwathu, power supply ndiyo iyenera kukhala yoyamba pa bajeti.

Mukukumbukira chaka cha 2024. Chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, tinafika pokhala opanda malaiti mpaka maola 21 pa tsiku. Malaiti akamazima ndi kubwera chotere, mphamvu yake imadumphadumpha. Onjezanipo mphezi za nyengo ya dzinja, fumbi la mu Seputembala ndi kutentha kwa Okutobala, makamaka ku Nyimba kufupi ndi chigwa cha Luangwa. Zonsezi zimayamba kugunda power supply. Ikakhala yabwino, imadzizimitsa n'kuteteza zina zonse. Ikakhala yachabe, imafa pamodzi ndi motherboard ndi hard drive. Kwa mnyamata wa pa boma ku Petauke amene amakonza mavidiyo a ukwati kapena kutaipira anthu makalata ofunsira nchito, imeneyo ndi bizinesi yonse yapita, ndi nchito za makasitomala zomwe.

Msampha woyamba ndi nambala yaikulu ya pabokosi. Power supply yotchipa yolembedwa 650W ikhoza kulephera katundu amene yabwino ya 400W imanyamula mosavuta. Werengani kapepala kamene kali pambali pake, pamzere wa +12V, chifukwa purosesa ndi graphics card zimadya kumeneko. Chulukitsani ma amp ndi 12. Mukaona 20A, ndiye 240W basi, ngakhale bokosi likukuwa 650W. Inyamuleninso m'manja. Ikakhala yopepuka ngati chigubu chopanda madzi, m'kati mwake muli zochepa.

Nanga mufunika yaikulu bwanji? Kompyuta ya mu ofesi, yotaipira ndi kusindikiza, yopanda graphics card yapadera, ya 300W mpaka 400W yabwino imaikwanira. Ya masewera kapena mavidiyo, tsatirani zimene opanga khadi ananena. Mwachitsanzo, Nvidia imalangiza 550W pa RTX 3060. Kugula ya 1000W pa kompyuta yotaipira n'kutaya ndalama.

Chachiwiri, funani chizindikiro cha 80 PLUS. Tanthauzo lake ndi lakuti pa magetsi amene ikukoka, 80 peresenti kapena kuposa amafika m'kompyuta, otsalawo amasanduka kutentha. Tiwerengere pamodzi. Kompyuta yofuna 200W, pa power supply ya 70 peresenti, imakoka pafupifupi 286W. Pa ya 85 peresenti imakoka 235W. Kusiyana kwa 50W kumeneko mumakumva pa mayunitsi, ndipo ngati muli pa sola ndi batire, ndiko kumasankha ngati mumaliza nchito ya kasitomala kapena ayi. Koma chizindikirochi pachokha si chitetezo. Onaninso zilembo monga OVP, OCP ndi SCP, zimene zimaizimitsa magetsi akachuluka kapena mawaya akakhudzana. Yolembedwa 100–240V imapirira bwino magetsi akatsika. Ija yakale yokhala ndi kaswichi kofiira ka 115 ndi 230, ionetsetseni kuti ili pa 230, chifukwa ndiyo mphamvu ya m'makoma athu ku Zambia. Ikakhala pa 115, mudzamva kuphulika ndi fungo.

Ambiri a ife tili ndi makompyuta a kaunjika a Dell kapena HP. Apa chenjerani. Ena mwa iwo, monga OptiPlex 7020, ali ndi pulagi ya mapini 8 m'malo mwa ija ya mapini 24 imene ili pa ma power supply wamba, ndipo aang'ono aja ali ndi kabokosi kopyapyala kawokawo. Musanakwere basi, jambulani kapepala ndi pulagi ndi foni yanu. Makilomita oposa 300 a Great East Road si ulendo wobwereza chifukwa cha pulagi yolakwika.

Ndikudziwa chimene mukunena: ndalama kulibe. N'zoona, yabwino ndi yodula. Koma chepetsani kwina. Magetsi okongoletsa m'kati mwa kesi angadikire, RAM mungawonjezere chaka chamawa. Motherboard yopsa ilibe chaka chamawa. Ndipo ndalama ikapezeka, ikani UPS, kapena ka guard konga ka pafiriji kamene kamachedwetsa magetsi akangobwera. Ngati mukugula inverter kapena UPS, funsani ya pure sine wave, chifukwa ma power supply ena amakono amazima pa zotchipa zija.

Pomaliza, ikafa musaitsegule ndi sikurudiraiva. Ma capacitor a m'kati amasunga magetsi ngakhale mutachotsa chingwe kukhoma. Ingoipemererani fumbi nthawi ndi nthawi, muikhazike pomwe mphepo ikudutsa. Ndipo tsiku lotsatira mnzanu akadzayamba kudzitama ndi graphics card yatsopano, mufunseni kuti pa +12V palembedwa ma amp angati.