NKHOKWE YA MAU: Maso m'Chinenero cha Agriki

Mwezi uno tiyeni tisanthule mau aŵiri amene madokotala a maso amalemba kaŵirikaŵiri: myopia ndi presbyopia. Onsewo mizu yake ili m'Chigriki.

Agriki akale ankakonda kulumikiza mau aŵiri kuti apange liu limodzi, monga tichitira ife ponena kuti msungichuma kapena chiphadzuŵa. Diso ankalitcha ophthalmos, koma anali ndi liu linanso lalifupi, ops, lotanthauza diso kapena nkhope. Liuli ndilo lili kumapeto kwa Kyklops, dzina la chimphona cha m'nthano zao chimene chinali ndi diso limodzi lobulungira pamphumi, pakuti kyklos ndi chinthu chozungulira.

Tsono myopia nchiyani? Myein ndiko kutsinzina. Agriki anaona kuti munthu wosaona patali amatsinzina pang'ono pofuna kupenyetsetsa, namutcha myops, wotsinzina maso. Aristotle, amene anakhala ndi moyo kuyambira 384 kufikira 322 Khristu asanabadwe, analilemba liuli m'mabuku ake. Lero tidziŵa kuti diso lotere kaŵirikaŵiri limakhala lotalika koposa muyeso kuchokera kutsogolo kunka kumbuyo, kotero kuti kuŵala kumasonkhana kusanafike pamalo ake, ndipo zakutali zimaoneka mwachimbuuzi.

Liu lachiŵirilo linapangidwa pambuyo pake ndi madokotala a ku Ulaya. Presbys ndi munthu wokalamba; pamuzu womwewo panaphuka presbyteros, mkulu, ndi dzina lakuti Presbyterian. Chotero presbyopia ndilo diso laukalamba. Munthu akapitirira zaka 40, kagalasi ka m'kati mwa diso kamayamba kuuma, ndipo poŵerenga amatambasula mkono kuti buku likhale patali.

Mau aŵiriŵa akutiphunzitsa kuzindikira vuto ndi maso athu. Inu makolo, mwana akamatsinzina poyang'ana pabolodi, kapena akamakopera zolemba za mnzake m'malo moŵerenga yekha, musafulumire kumutcha waulesi kapena kumukwapula. Pitani naye kuchipatala akamuyese maso, chifukwa mandala oyenera angathe kupulumutsa maphunziro ake. Inunso anyamata ndi atsikana, mukaona agogo akuvutika kuloŵetsa ulusi pasingano, musaŵaseke. Aperekezeni akapeze mandala oŵerengera, pokumbukira kuti tsiku lina diso laukalambalo lidzakupezani inunso.