Mafunde a Lamya Sadziŵa Malire a ku Chitipa

Munthu wa ku Kameme kapena wa m'mapiri a Misuku akatulutsa lamya yake ya m'manja, nthaŵi zina amapeza kuti yagwira nsanja ya ku Tanzania, kutsidya kwa Songwe. Wa ku Chisenga, m'munsi mwa mapiri a Mafinga, ikhoza kumgwirira ya ku Zambia. Mau amadukaduka, ndipo kwa ena mtengo woimbira umakhala wa mlendo pamene munthu ali khale pakhonde pake.

Gwero la vutoli silovuta kulimvetsa. Njira zimene mafunde a lamya amayendamo nzochepa, pamene oimba ndi ochuluka. Tsono akatswiri amagaŵa dziko m'timadera ting'onoting'ono, kalikonse ndi nsanja yake, ndipo njira imodzi amaibwereza pa nsanja zotalikirana. Nsanja ziŵiri zoyandikana zikatenga njira imodzi zimasokonezana, monga aphunzitsi aŵiri ophunzitsa m'chipinda chimodzi popanda khoma. Mu dongosolo la GSM njira imodzi imagaŵidwanso m'zigawo 8 za nthaŵi, kuti oimba azilandirana mwaliŵiro lakuti khutu silingazindikire. Nsanja imalamulanso lamya yapafupi kuti ichepetse mphamvu, isaphimbe yakutali.

Zonsezi zimayenda bwino pamene nsanja zili m'dziko limodzi. Ku Chitipa kwakumana maiko atatu, ndipo lililonse lili ndi bungwe lake logaŵa mafunde: MACRA, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, TCRA ku Tanzania ndi ZICTA ku Zambia. Komanso nsanja yomangidwa pamwamba pa phiri imaponya mafunde kutali kuposa ya pachidikha.

Ena amati mankhwala ake nkuwonjezera mphamvu ya nsanja zathu. Ife tikukana. Tikakweza mau, anansi athu akwezanso awo, ndipo phokoso lingokula. Chofunika nchakuti mabungwe atatuŵa agaŵane njira za m'malire, ayeze mafunde ku Kameme ndi ku Chisenga komweko, osati pa mapu okha, ndipo makampani aŵeramitse milongoti yoponya mafunde kuti iloze kwawo.

Nawo a TNM ndi a Airtel amange nsanja zambiri zing'onozing'ono m'zigwa zimene mapiri amatchinga. Lamya imathaŵira kwa mnansi pamene yasoŵa nsanja yakwawo, ndipo namwino woitana ambulansi usiku alibe nthaŵi yokwera chulu kukafunafuna netiweki.